Mpando wa mfumu ya mzinda uli pululu, nanga ife tiusankhira pati?

Nachisale, Kawale, Lilongwe

Abale anga, ndigawireni nzeru, pali chinthu chikundisowetsa mtendere.

Pa 16 Sepitembala chaka chino cha 2025, tsiku la chisankho, ndinalawirira kudakali mdima, kampando kanga kapulasitiki kumanja, mbatata yootcha m'jumbo, kupita kusukulu kumene ndinalembetsera. Dzuwa linandipeza pa mzere. Nditafika kutsogolo anandipatsa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Ndinachonga, ndinaponya m'mabokosi, ndipo inki ija mpaka lero ikuonekabe m'mbali mwa chikhadabo. Ndili m'njira yobwerera m'pamene ndinadzifunsa kuti, kodi mfumu ya mzinda ndaisankha pati? Mpandowo panopa ulibe munthu, pakuti makhansala akale onse nthawi yawo inatha. M'minibasi tikungomva kuti wakuti akuufuna, ujenso akuufuna, koma palibe ndi mmodzi yemwe wafika kumsika kudzatipempha voti. Ndiye akupempha kwa yani?

Ine ndimagulitsa zitenje, ndipo zina ndimakaoda ku Kamwala ku Lusaka, kumene kunakwatiwa mng'ono wanga. Mu Ogasiti 2021, sabata ya chisankho chawo, ndinali komweko ku Chawama. Mlamu wanga pobwera kovota anati anapatsidwa mapepala anayi, lachinayilo la meya, mfumu ya mzinda. A Miles Sampa amene anali pampandowo anausiya kuti akapikisane pa uphungu ku Matero, ndiye unatsala wa aliyense. Zithunzi za ofuna umeya zinali mbwee pamitengo ya magetsi, ndipo amayi ogulitsa tomato ku msika wa Soweto ankatsutsana mpaka kukwezerana mawu kuti woyenera ndi uti. Mapeto ake anapambana mayi, a Chilando Chitangala. Ine ndinasirira, sindibisa. Ndinaona amayi ngati ine ndemwe akukamba za mzinda wawo ngati kuti ndi munda wawo.

Musadabwe kuti wogulitsa zitenje nkhani ya meya yamulowa chonchi. Kuseri kwa nyumba yanga kumadutsa ngalande. Ikamafika Novembala imakhala itadzaza majumbo, mabotolo, matewera otaya, zikonyo za chimanga, zonse zimene zimachokera kumtunda. Mvula yoyamba ikangogwa madzi amasefukira n'kulowa kukhitchini, mbaula n'kumayandama, ndipo madziwo amakhala atadutsa kale m'zimbudzi za anthu. Mu Januwale 2023, nthawi ija sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mwana wanga wotsiriza anagona masiku atatu mu tenti kuchipatala, diripi ili pamkono, maso atalowa m'kati ngati a gogo. Ndinkamunyowetsa milomo ndi kansalu chifukwa chilichonse chimene wamwa chinkabwerera. Anachira, Mulungu anatichitira chifundo. Koma mnzake wa nyumba yachitatu kuchokera pathu, amene ankasewera naye fulaye madzulo alionse, tinakamuika m'manda mosasambitsa n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akatchula zinyalala, ine ndimaona nkhope ya mtsikana ameneyo.

Tsiku lililonse ndimalipira chiphaso cha pamsika, ndagulitsa kapena sindinagulitse. Sindikana kulipira. Chimene ndikufuna n'chakuti ndidziwe munthu amene ndingamuloze chala kuti, bambo kapena mayi, ndinakuvoterani, nanga ngalande yathu bwanji? Ndiye funso langa lili pawiri. Kodi kwathu kuno amasankha mfumu ya mzinda ndi ndani kwenikweni, ndipo ife wamba tili ndi polowera? Nanga a ku Zambia amene muli muno, kuvotera meya ndi dzanja lanu kunakusinthirani kanthu, kapena ine ndikungosirira msuzi wa kwa eni?

Phiri wa ku Matero, Lusaka

Alongo anga Nachisale, pepani kwambiri ndi za mtsikana uja. Ife kuno kolera timamudziwa bwino, sitichita kumva kwa anthu.

Ine kwathu ndi ku Katete koma ndakhala mu Lusaka zaka zoposa 20, ndimasoka mipando ya galimoto. Meya ndamuvotera katatu, ndipo katatu konseko pa pepala panalibe munthu amene anali kale pampando mwa voti yathu. Kale nafenso zinali ngati kwanu, makhansala ankasankhana okhaokha. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016, pa 11 Ogasiti chaka chimenecho tinayamba kuvota tokha, ndipo anapambana ndi a Wilson Kalumba a chipani cha PF. Iwo anamwalira mu Meyi 2018 nthawi yawo isanathe, choncho mu Julaye tinavotanso, n'kulowa a Sampa. Kenako 2021, ija munaiona ndi maso anu.

Ndikuuzeni za 2018, chifukwa ndi imene inanditsegula maso. Miyezi yochepa m'mbuyomo kolera anali atatipha, asilikali atachotsa ogulitsa malonda m'misewu ya m'tauni, bwalo la Heroes litasanduka chipatala. Ndinkaganiza kuti patsiku lovotera meya anthu adzatuluka ndi mkwiyo wonsewo. Ndinatseka shopu, ndinapita. Ndinapeza apolisi awiri atakhala pamthunzi, oyang'anira a zipani akuwodzera, mzere kulibe. Kulowa ndi kutuluka sindinathe mphindi zisanu. Anzanga amene tinkadandaula limodzi za zinyalala anati sangataye tsiku la ganyu chifukwa cha meya. Zinandipweteka mtima kwambiri.

Pachisankho chachikulu vuto limakhala lina. Anthu amabwera ambiri, koma ambiriwo amabwerera pulezidenti, ndipo mapepala enawo amangochonga chizindikiro cha chipani kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuno timati kuvota suti. Mukafunsa munthu dzina la amene wamuvotera pa umeya, ena sakumbuka. Komanso Lusaka ndi wamkulu. Kuti munthu azungulire Kanyama, Chawama, Mandevu, Matero, Munali, Kabwata ndi m'tauni, pamafunika ndalama zimene mphunzitsi kapena mayi wa pamsika alibe, ngakhale atakhala wanzeru bwanji. Ndiye mpando ukatseguka timati ndi wa aliyense, koma olimbirana enieni amakhala awiri a zipani zikuluzikulu.

Ngakhale zili choncho, sindingavomere kuti tibwerere kwakale. Meya amene ndamuvotera ndimamudziwa dzina ndi nkhope, amakhala zaka zisanu, ndipo sagona ndi mantha akuti makhansala khumi akakumana kumowa mawa amuchotsa. Akalankhula pawailesi timaimba foni n'kumufunsa monga eni ake. Mu 2021 dziko linapita kwa a Hakainde Hichilema a UPND, koma umeya wa Lusaka unapita kwa mayi wa PF. Ena amati zimenezo zimachedwetsa chitukuko chifukwa boma ndi mzinda zimakokana. Ine ndimaona kuti bola choncho, pakhale wina woyankhula mosiyana.

Koma ngati mukufunsa za ngalande, alongo, ndikuuzeni zoona. Kanyama amasefukirabe chaka ndi chaka. Kolera anabweranso kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, ndipo odwala anagonanso ku Heroes komweko. Ntchito za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi Town Clerk, mkulu wa khonsolo wolembedwa ntchito, amene sitimuvotera. Kwa zaka zambiri ndalama za m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi zinkathera m'matumba a makadala a chipani m'malo mofika kukhonsolo, ndipo pepala lachinayi lija silinawaletse. Voti inatipatsa munthu womufunsa. Mathirakitala onyamula zinyalala ndi nkhani ina imene tikulimbana nayobe.

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni, Blantyre

Mayi Nachisale, funso lanu ndi labwino, ndipo ndinkalilandira kawirikawiri kwa ana a Fomu 3 nthawi imene ndinkaphunzitsa. Ndiyankha motalikirapo, mundikhululukire.

Kwathu kuno mfumu ya mzinda amaisankha ndi makhansala, kuchokera pakati pawo pomwe, pamsonkhano woyamba wa khonsolo akangolumbira. Zili choncho m'mizinda yathu inayi yonse: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Amene akuufuna mpandowo ayenera kuyamba wapambana ukhansala m'wodi yake. N'chifukwa chake simunawaone kumsika. Voti imene akuifuna panopa ili m'manja mwa anzawo, ndipo kampeni yake ikuchitika pafoni, m'nyumba za akuluakulu a zipani ndi m'malo odyera. Wosankhidwayo amakhala zaka ziwiri ndi theka, kenako makhansala amavotanso.

Taganizani kukula kwa nkhaniyi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi 1 miliyoni. Pa zisankho za 2014 ndi 2019 mzindawu unali ndi makhansala 27. Kutanthauza kuti anthu okwana minibasi ziwiri ndiwo ankasankhira mtsogoleri khamu lonselo.

Tisaiwalenso kumene tachokera. Lamulo la maboma aang'ono ndi la 1998. Tinavotera makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo mpaka 2014 dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mizinda inkayenda popanda meya, m'manja mwa akuluakulu olembedwa ntchito. M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2010, aphungu anasintha lamulo lija. Anadzipatsa mphamvu zovota m'makhonsolo, ndipo udindo wosankha mkulu woyendetsa khonsolo unapita kwa nduna. Nkhani ya aphungu kuvota m'khonsolo inafika kukhoti kudzera ku bungwe la makhonsolo la MALGA, ndipo mu Meyi 2025 oweruza anagamula kuti zimenezo zikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Koma zotsatira za 2010 tikukhala nazobe. Meya wathu amatsogolera misonkhano, amavala mkanjo ndi unyolo, amalandira alendo, amadula maliboni. Amene amalamula ogwira ntchito ndi kusaina ndalama ndi mkulu wa khonsolo, ndipo iyeyo maso ake amayang'ana ku unduna.

Ife a ku Blantyre tinaziona pafupi. Mu 2014 makhansala anasankha a Noel Chalamanda, loya amene analowa ukhansala ngati woima payekha. Anthu ambiri tinawakonda chifukwa tauni inayamba kuoneka yosesedwa, m'malaundabauti munamera maluwa, ndipo iwo ankaoneka m'misewu. Itakwana nthawi mu Januwale 2017, anavota m'chipinda muja ndipo mpando unapita kwa a Wild Ndipo a DPP. Sindikunena kuti malamulo anaphwanyidwa, ayi, zonse zinayenda mwa dongosolo lake. Chimene chinandiwawa ine n'chakuti palibe anatifunsa. Tinangomva pa nkhani za madzulo ngati zotsatira za mpira umene sitinaonere. Kwanu ku Lilongwe nakonso werengani: a Willie Chapondera, a Desmond Bikoko, a Juliana Kaduya amene analowa mu 2019, a Richard Banda, a Esther Sagawa. Zaka ziwiri ndi theka n'zochepa. Chaka choyamba munthu akuphunzira makomo a maofesi, chachiwiri wayamba kale kuwerenga amene angamuvoterenso.

Maganizo anga ndi akuti tiyenera kuvotera meya tokha monga a ku Zambia, koma lamulo lomwelo limupatsenso mphamvu pa mkulu wa khonsolo ndi pa ndalama za mzinda. Tikangowonjezera pepala lachinayi n'kusiya zinazo mmene zilili, tidzakhala tikuimirira padzuwa kusankha munthu wovala unyolo basi. Bambo Phiri anena kale zimene zimachitika.

Koma zimenezo n'za ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mvula siidikira. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Voti yanu ya meya munaponya kale, ili m'thumba mwa khansala wanu. Mupiteni asanakalowe m'chipinda muja. Mukamufunse kuti akavotera ndani ndipo chifukwa chiyani, komanso ngati iye mwini akuufuna mpandowo. Musapite nokha, tengani anzanu a pamsika ndi mfumu ya m'dera lanu. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kuti anthu akamvere nawo, ngakhale ambiri sadziwa. Voti yake imakhala yachinsinsi, zoona, koma khansala amene waona nkhope 20 za m'wodi yake zitakhala kumbuyo amalowa m'chipindamo ndi mtima wina.

Mnyamata wa ku Joni

Amayi, ine ndingowonjezera pang'ono pa zimene anena aphunzitsi. Ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi, ndimagwira ntchito ya m'munda wa maluwa. Kuno nakonso meya amasankhidwa ndi makhansala, ndipo palibe chipani chili ndi mipando yokwanira kulamula chokha. Chichitikireni chisankho cha Novembala 2021 taona a Mpho Phalatse, a Dada Morero kwa masabata ochepa, a Phalatse kubwereranso ndi chigamulo cha khoti, a Thapelo Amad, a Kabelo Gwamanda, kenako a Morero kachiwiri. A Amad ndi a Gwamanda anachokera ku chipani cha Al Jama-ah chimene chili ndi mipando itatu yokha mwa 270. Anakhalapo chifukwa zipani zikuluzikulu zinakanika kugwirizana kuti wa mbali iti akhale.

Ine sindivota kuno, ndine mlendo. Koma ndimaona anzanga eni dziko mmene atayira mtima. Ukawafunsa dzina la meya amayamba aganiza kaye. Ndiye kwathuko zaka ziwiri ndi theka zija, ngakhale zili zochepa, zimamupatsako munthu mpata wopuma. Chimene ndimaopa n'chakuti chisankho cha anthu ochepa n'chosavuta kuchigula. Kunyengerera mzinda wonse n'kovuta, koma anthu 15 ukhoza kuwakwanitsa usiku umodzi. Ine ndili mbali ya pepala lachinayi.

Nachisale, Kawale, Lilongwe

Zikomo nonse, mwandichotsa chimbuuzi m'maso.

Aphunzitsi, mawu anu akuti voti yanga ili m'thumba mwa khansala andigoneka mochedwa usiku wathawu. Kunena zoona, pa mapepala atatu aja, la khansala ndi limene ndinaliganizira pang'ono. La pulezidenti tinakangana nalo miyezi yathunthu kunyumba ndi kumsika, za mtengo wa chimanga, za mafuta, za shuga. La khansala ndinasankha munthu chifukwa anabwera pamaliro a apongozi anga n'kutithandiza galimoto. Ndi munthu wabwino, sindikumunyoza. Koma sindinamufunse ngakhale kamodzi kuti akakalowa adzaimika ndani pa umeya, chifukwa sindinkadziwa kuti funso limenelo ndi langa. Zikanakhala kuti ophunzitsa anthu za chisankho amatiuza zimenezi momveka, ambiri tikanachonga mosiyana kapena tikanafunsa kaye.

Achimwene a ku Matero, nkhani yanu ya mzere wopanda anthu yandikhudza. Ndinkaganiza kuti vuto lonse ndi lamulo, koma mwandionetsa kuti ngakhale atatipatsa pepalalo tikhoza kulisiya patebulo. Komabe ine ndikulifuna. Munthu amene anakhalapo usiku wonse pambali pa machira a kolera, akumva mwana wa mnzake akusiya kulira, sangalephere kudzuka kukavotera amene adzayang'anire zinyalala. Amayi otere tilipo ambiri ku Kawale, ku Mchesi, ku Biwi, ku Mtandire, ku Chinsapo. Ndikukhulupirira kuti tikhoza kudzaza mizere.

Dzulo madzulo tinali ndi banki m'khonde, ndipo titatha kuponya masheya ndinawawerengera amayi zimene mwalemba muno. Asanu ndi atatu avomera kuti Lachisanu tipite limodzi kunyumba kwa khansala wathu. Amayi a tcheya ati adzayamba ndi iwo kulankhula, poti ndi achikulire ndipo amadziwana ndi mayi a kunyumbako. Tagwirizana zokamufunsa: tsiku la msonkhano wosankha meya, dzina la amene iye akumufuna, ndiponso chimene munthu ameneyo wanena pa za ngalande ndi galimoto yotola zinyalala m'madera ngati athu, osati ku City Centre ndi ku Area 10 kokha. Mtsikana wanga uja, amene pano ali ku sekondale, ndi amene adzalembe mayankho mu kope. Tsiku la msonkhanolo ndidzatseka benchi, zitenje zidzagona m'chikwama, ndipo ndidzakhala nawo kumbuyo kuja ngati adzatilola kulowa.

Aphunzitsi, ngati mukudziwa mmene munthu amapemphera malo pamsonkhano wotere, kaya n'kulemba kalata kaya n'kungofika m'mawa, ndiuzeni lisanafike Lachisanu. Kutentha kwayamba kale kuno, ndipo ngalande ija yadzaza mpaka pakamwa. Loweruka tiyamba kuikumba tokha kuyambira pa kamlatho kutsika mmunsi. Makasu tapeza asanu ndi limodzi, mafosholo awiri, wilibala tikabwereka kwa bambo owotcha njerwa.